Wolondolera ndege akaulula kuti wasokoneza mawu, tisamumange

Tinali m'minibasi ku Lusaka, yochokera m'tauni kupita ku Chelstone, ndipo titadutsa pa Munali, ndege ina inaoneka ikutsika chakum'mawa magetsi ake akuphethira. Bambo wina amene anakhala kumbuyo kwanga anayambitsa nkhani ya ngozi ya ku Washington, ija ya pa 29 Januwale 2025, pamene ndege yonyamula anthu inawombana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac n'kupha anthu 67. Iwo anati mlandu wake ndi wachidule: wolondolera ndege, munthu wa pansi amene ankalangiza oyendetsa pa wailesi usiku umenewo, amangidwe, ndipo kuno kwathu wolondolera ndege aliyense amene angasokoneze mawu azichotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Pafupifupi basi yonse inavomera. Maganizo omwewa ndimawamva pa mapulogalamu oimba foni pa wailesi nthawi zonse ngozi ya ndege ikachitika kwinakwake, ndipo ndikuwakana ndi mtima wonse. Ngati tikufuna kuti ndege zisadzawombane mumlengalenga mwa Zambia, wolondolera kapena woyendetsa ndege amene wanena kapena kumva mawu molakwika, n'kukadziulula yekha, ayenera kutetezedwa ndi lamulo, ndipo zimene waululazo ziyenera kuwerengedwa n'kukonzedwa. Chilango cha lilime loterereka chimangobala anthu otseka pakamwa.

Tiyambe taona mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa ambirife timaganiza kuti woyendetsa ndege amaona kutsogolo ngati dalaivala wa basi ya ku Chipata. Ndege ziwiri zikuluzikulu zikamabwera moyang'anizana, iliyonse pa liwiro la makilomita oposa 800 pa ola, kilomita imodzi pakati pawo imatha m'masekondi awiri. Mtunda wochoka pa Cairo Road kukafika ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ungathe m'mphindi imodzi. Chimene chimazilekanitsa ndi mulingo wa kutalika kuchokera pansi umene iliyonse yapatsidwa. Kuyambira mu Seputembala 2008, ndege zouluka mumlengalenga mwa Africa pakati pa mafiti 29,000 ndi 41,000 zimasiyana ndi mafiti 1,000 okha, omwe ndi mamita pafupifupi 300, ngati kusanjikiza nyumba yaitali ija ya Findeco House katatu n'kuwonjezera pang'ono. Mpata umenewu umasungidwa ndi mawu apakamwa. Wolondolera ali pansi amatchula nambala ya ndege ndi mulingo wake, woyendetsa amabwereza zimene wamva, ndipo wapansi uja amamvetsera ngati zabwerezedwa molondola. Pa tsiku limodzi zimenezi zimachitika kambirimbiri, usana ndi usiku, nthawi zina pa wailesi yaphokoso.

Kuti kubwereza mawu kumatha kulephera, ine ndinakuphunzirira ku Kamwala. Ndinkatumiza K600 ya feteleza kwa amayi anga ku Katete, pa kanyumba kena kotumizira ndalama pafoni. Ndinatchula nambala, ndipo mtsikana wa m'kanyumbamo anachita zonse zimene ntchito yake imafuna. Anati: "Atate, nambala ndi iyi, dzina latuluka ndi ili, nditumize?" Ine maso anali pa basi imene inkafuna kunyamuka, ndipo ndinangoti: "Tumizani, mwanawe." Manambala awiri ndinali nditawatembenuza, dzina limene anawerenga silinali la amayi anga, koma khutu langa linamva chimene linkayembekezera kumva. Sindinaledzere, sindinkachita chibwana, ndipo ndalamazo ndinazivutikira. Tsopano taganizani za ku Japan pa 31 Januwale 2001. Wolondolera amene ankaphunzira ntchito ankafuna kuuza ndege ya Japan Airlines nambala 958 kuti itsike, koma pakamwa panatuluka 907. Woyendetsa 907 anabwereza bwinobwino, ndipo mphunzitsi amene anakhala pambali pa wophunzirayo sanagwire cholakwikacho pa nthawi yake. Ndege ziwirizo, zonyamula anthu 677, zinaphonyana ndi mpata wochepa kwambiri, ndipo anthu pafupifupi 100 anavulala pamene woyendetsa 907 anaitsitsa mwadzidzidzi kuti azembe inzake. Khutu limene linandinamiza ku Kamwala ndi lomwelo limene linanamiza mphunzitsi uja.

Amene akufuna chilango ali ndi mfundo yomveka, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Iwo amati K600 ndi miyoyo ya anthu 300 n'zosiyana, kuti munthu wapatsidwa ntchito imeneyi chifukwa amayenera kukhala wosamala kuposa tonsefe, ndiponso kuti mantha a ndende ndi amene amamusunga maso. Poyankha ndikuti mantha amachiza ulesi ndi mwano, koma sachiza kuterereka kwa lilime, chifukwa palibe amene amasankha kunena 907 m'malo mwa 958. Chimene mantha amatha kuchita ndi kuphunzitsa munthu kubisa. Pa zolakwika zambiri zotere palibe amene amavulala: ndege zimayandikirana kuposa muyeso, wina amazindikira, n'kukonza, ndipo okwera amatsika osadziwa kanthu. Odziwa amakhala anthu awiri kapena atatu okha. Ngati kulemba lipoti kukutanthauza kuchotsedwa ntchito, ndani angalembe, ana ali pasukulu, lendi ikudikira? Ndiye chifukwa chenicheni cha cholakwikacho, kaya ndi manambala a ndege ofanana pa ola limodzi, kaya ndi wailesi imene imadukaduka pamalo ena, kaya ndi kutopa kwa munthu amene wagwira usiku wachitatu wotsatizana, chimakhalabe pomwepo kudikira wina. Ku Zagreb mu 1976 ndege ziwiri zinawombana n'kupha anthu 176, ndipo wolondolera mmodzi anagamulidwa zaka 7, pamene zinadziwika kuti anali atasiyidwa yekha ndi ntchito ya anthu awiri. Ku Japan nakonso olondolera awiri aja anapezeka olakwa kukhoti, chigamulo chimene khoti lalikulu linatsimikiza mu 2010. Makhoti anachita mbali yawo, koma chigamulo sichinapangitse 907 ndi 958 kumveka mosiyana m'khutu la munthu wotanganidwa.

Pali nkhani ina imene imandikhudza kuposa zonsezi. Pa 1 Disembala 1974 ndege ya kampani ya TWA inagunda phiri ikuyandikira bwalo la Dulles ku America, ndipo anthu 92 anafa. Wolondolera anawauza kuti aloledwa kuyamba kutera. Oyendetsa anamva kuti ndiye kuti angatsike nthawi yomweyo, pamene wolondolerayo ankatanthauza kuti asunge kaye mulingo wolembedwa pa mapu mpaka atadutsa mapiri. Pofufuza kunapezeka kuti milungu isanu ndi umodzi m'mbuyomo, oyendetsa ndege ya kampani ina, ya United, anamva mawu omwewo mofananamo pamalo omwewo, n'kuliphonya phirilo pang'ono. Iwo anakaulula ku kampani yawo, imene inali ndi njira yolandirira malipoti popanda kulanga, ndipo kampaniyo inachenjeza oyendetsa ake onse. Koma chenjezolo silinafike kwa a TWA. Zitatero, mu 1976, America inakhazikitsa njira yoti aliyense wa ntchito za ndege azitha kuulula zolakwika mwachinsinsi, ndipo anaipereka m'manja mwa NASA, bungwe limene lilibe mphamvu yolanda munthu laisensi. Denmark inachita zofanana mu 2001 pokhazikitsa lamulo loteteza oulula, ndipo malipoti ochokera kwa olondolera ndege anachuluka kangapo. Mlengalenga mwa Denmark simunasanduke moopsa chaka chimenecho. Zimene zinkachitika kale mobisika zinangoyamba kulembedwa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo wolondolera amene walemba kuti "dzulo ndinatsala pang'ono kuwombanitsa ndege chifukwa cha zakutizakuti" watsina khutu dziko lonse.

Apa ndiyenera kuika malire, kuopa kuti wina angaganize kuti ndikuti aliyense azichita zofuna zake. Wobwera kuntchito ataledzera, wosiya mpando wake popanda womulowa m'malo, wofufuta mawu ojambulidwa kuti abise zimene zachitika, ameneyo alangidwe ndithu, ndipo anzake a ntchito ndi amene amayamba kufuna kuti alangidwe. Chitetezo chimene ndikunena n'cha munthu amene ankagwira ntchito yake mmene anaphunzitsidwira, n'kulakwitsa mmene munthu aliyense amalakwitsira.

Gulu lachiwiri limati kukangana konseku n'kwachikale, popeza ndege za masiku ano zili ndi makina otchedwa TCAS amene amaona ndege ina ikubwera n'kulamula woyendetsa kuti akwere kapena atsike. N'zoona, ndipo makinawa apulumutsa anthu ambiri. Komabe amalamula patatsala masekondi osapitirira 35, zonse zimene zinayenera kuteteza ndegezo zitalephera kale. Usiku wa pa 1 Julayi 2002, pamwamba pa Überlingen ku Germany, ndege ya ku Russia yonyamula ana asukulu ambiri opita kutchuthi ku Spain ndi ndege ya katundu ya DHL zinali pa mulingo umodzi wa mafiti 36,000. Wolondolera wa ku Zurich ku Switzerland, amene ankayang'anira dera limenelo, anali yekha pa malo a anthu awiri, mnzake akupuma, zipangizo zina ndi foni yaikulu zitazimitsidwa chifukwa amisiri ankakonza. Anzake a ku Karlsruhe anaona ngozi ikubwera, anaimba foni koma siinalowe. Iye atazindikira, anauza ndege ya ku Russia kuti itsike, pamene makina a m'ndegemo ankati ikwere. Oyendetsa anamvera munthu, a DHL anamvera makina awo amene ankati atsike, ndipo zonse ziwiri zinatsikira pamodzi. Anthu 71 anafa. Lamulo linakonzedwa pambuyo pake kuti makinawa akalamula, woyendetsa aziwamvera ngakhale wolondolera atanena zosiyana. Koma onaninso ku Brazil mu Seputembala 2006: kachipangizo kamene kamaulutsa malo a ndege kanali kasakugwira ntchito m'ndege yaing'ono ya Legacy, kotero makina a ndege ya Gol sanaione n'komwe, ndipo kulankhulana ndi olondolera kunali kutasokonekera kwa nthawi yaitali. Anthu 154 anafa. Ine ndikufuna kuti Zambia igule zipangizo zabwino, kuphatikizapo zotumizira malangizo molemba m'malo mwa kulankhula, koma wolemba uthenga akadali munthu, ndipo chala chimaterereka ngati lilime. Za ku Überlingen ndiwonjezere ichi: wolondolera uja anaphedwa pakhomo pake mu 2004 ndi bambo amene anataya mkazi ndi ana awiri pa ngoziyo, koma khoti la ku Switzerland mu 2007 linapeza olakwa anthu anayi a kampani yake, ambiri mwa iwo mabwana, amene analola kuti munthu mmodzi azitsala yekha usiku. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene anausenzetsa ndi amene anali ndi mlandu.

Ena amati vuto ndi Chingelezi basi, ndipo ife a ku Zambia, amene timachiphunzira kuyambira ku pulayimale, tilibe chodera nkhawa. Chilankhulo chili ndi mbali yake. Pa ngozi ya ku Charkhi Dadri pafupi ndi New Delhi, pa 12 Novembala 1996, ndege ya ku Kazakhstan inapatsidwa mafiti 15,000 koma inatsika mpaka kukumana ndi ndege ya ku Saudi Arabia imene inapatsidwa 14,000, anthu 349 n'kufa, ndipo ofufuza anatchula kuperewera kwa Chingelezi pakati pa oyendetsa ndege ya ku Kazakhstan. N'chifukwa chake bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO linaika mayeso a Chingelezi kwa oyendetsa ndi olondolera kuyambira mu 2008. Koma a TWA ndi a ku Washington Chingelezi anayamwira. Ngakhale pa msika wa Soweto timadziwa kuti "fifteen" ndi "fifty" zimamveka chimodzimodzi paphokoso, mpaka wogulitsa amachita kunena kuti "one five". Pa wailesi ya ndege nambala imatchulidwanso imodziimodzi pa chifukwa chomwecho. Komanso mlengalenga mwathu mwazunguliridwa ndi mayiko 8, ndipo ndege imene wolondolera wa ku Lusaka akuilandira imakhala itangochoka m'manja mwa wa ku Kinshasa wolankhula Chifalansa, kapena wa ku Luanda ndi ku Beira olankhula Chipwitikizi. Popatsirana ndege pamalire ndi pamene uthenga umatayika mosavuta, ndipo amene angatiuze malire amene amavutitsa ndi olondolera athu omwewo, ngati sakuopa.

Mfundo yachinayi ndimaimva kwambiri kwa anthu a kwathu kum'mawa: ndege kuno n'zochepa, thambo ndi lalikulu, anthu akufa pa Great East Road ndi m'zipatala zopanda mankhwala, nanga tivutikirenji ndi za okwera ndege? Chisoni chimenechi ndi changanso. Koma kuchepa kwa ndege sikunatetezepo Africa. Pa 13 Seputembala 1997 ndege ya asilikali a America ndi ya asilikali a Germany zinawombana pamwamba pa nyanja kufupi ndi gombe la Namibia, malo amene mungaganize kuti mulibe chilichonse, ndipo anthu 33 anafa. Ndege ya Germany inali pa mulingo wosayenera mbali imene inkalowera, ndipo uthenga wa ulendo wake sunayende bwino pakati pa olondolera a mayiko amene inadutsa. Mu Seputembala 2015 ndege ya Ceiba Intercontinental inakhulana ndi ndege yonyamula wodwala kum'mawa kwa Senegal. Yaikuluyo inakatera bwino ku Malabo, koma anthu 7 a m'ndege yaing'onoyo anafa. Thambo ndi lalikulu, koma misewu yake ndi yopapatiza, ndipo GPS yapangitsa kuti ndege ziziyenda pakati penipeni pa msewuwo, kotero zikakhala pa mulingo umodzi zimakumana mphuno ndi mphuno. Oyendetsa amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake m'madera ena a Africa amaulutsa okha pa 126.9 MHz kuti ndine wakuti, ndili pakuti, pa mulingo wakuti, kuti anzawo amve ngakhale wapansi atasowa. Usiku uliwonse ndege zochokera ku Johannesburg kupita kumpoto zimadutsa pamwamba pa midzi yathu, ndipo zitawombana zingagwere pa madenga a anthu amene sanakwerepo ndege. Za ndalama, lamulo loteteza oulula silifuna simenti kapena ngongole yakunja. Tikukumbukiranso kuti ndege za Zambia zinaletsedwa kulowa ku European Union kuyambira mu 2009 mpaka mu 2016 chifukwa cha kayang'aniridwe ka chitetezo, ndipo dzina la dziko likaipa motero amavutika ndi woperekera zakudya wa ku Mfuwe ndi wogulitsa ziboliboli wa ku Livingstone.

Ndasungira kumapeto mfundo imene imandivuta kwambiri, ndipo anainena ndi mayi wina wachikulire m'basi muja. Anati: "Inu atate, mukati asalangidwe, kuno kwathu ndiye kuti nkhani yafera pomwepo. Za ku Gabon mwaiwala?" Sindinaiwale, ndipo palibe m'Zambia amene angaiwale. Mu Epulo 1993 ndege ya asilikali athu inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, anthu 30 n'kufa, 18 mwa iwo osewera mpira a dziko lino, ndipo manda awo ali pafupi ndi Independence Stadium. Mabanja anadikira zaka 10 kuti lipoti la ku Gabon lituluke. Munthu amene anaona zimenezo ali ndi chifukwa chokayikira chilichonse chotchedwa chinsinsi. Koma chimene chinapweteka mabanja aja chinali kubisika kwa choonadi, ndipo chimene ndikupempha ine ndi njira yotulutsira choonadi. Chobisidwa chikhale dzina la woulula lokha. Nkhani yake, chimene chinaichititsa ndi chimene chakonzedwa zikhale poyera. Malamulo a ICAO okhudza kufufuza ngozi amanena momveka kuti cholinga cha kufufuza ndi kupewa ngozi ina, ndipo kugawa mlandu ndi ntchito ya ena. Mayi aja akadali ndi mbali imene akulondola: kulandira malipoti n'kuwatsekera m'kabati n'kopanda phindu. Pambuyo pa ngozi ya ku Washington, ofufuza a NTSB, bungwe la ku America lofufuza ngozi, anapeza kuti pakati pa Okutobala 2021 ndi Disembala 2024 ndege ndi mahelikopita zinayandikirana pa bwalo lomwelo maulendo oposa 15,000, ndipo pa maulendo 85 mpata wa m'mwamba unali wosakwana mafiti 200. Manambalawo analipo kale ngoziyo isanachitike. Usiku wa ngoziwo wolondolera mmodzi ankasamalira ndege ndi mahelikopita omwe, ndipo mbali ya mawu ake ouza helikopita kuti idutse kumbuyo kwa ndegeyo ikuoneka kuti sinamveke m'helikopitamo chifukwa iwonso anali atadina wailesi yawo. Bambo wa m'basi uja ankafuna kumanga munthu mmodziyu, koma maulendo 15,000 aja anachitika pa mashifiti a anthu ambirimbiri.

Choncho pempho langa likupita kwa aphungu athu, ku Zambia Civil Aviation Authority ndi ku Zambia Airports Corporation, imene imalemba ntchito olondolera ndege athu. Chitetezo cha woulula chilembedwe m'lamulo momveka bwino moti wolondolera wachinyamata wochokera ku ZASTI, sukulu yathu yophunzitsa ntchito za ndege, angachiwerenge n'kuchikhulupirira, ndipo bwana kapena wapolisi asathe kuchidumpha. Malipoti azilandiridwa ndi ofesi imene ilibe mphamvu yochotsa munthu ntchito. Mawu onse a pa wailesi azijambulidwa n'kusungidwa, pa bwalo la Kenneth Kaunda, ku Ndola, ku Livingstone ndi ku Mfuwe komwe. Pa mpando umene umafuna anthu awiri pazikhala anthu awiri, ngakhale pa 2 koloko usiku pamene ndege zili zochepa. Ndipo kamodzi pachaka atiuze poyera kuti ndege zinayandikirana kupitirira muyeso kangati, pamalire ati, chifukwa chiyani, ndi zimene zakonzedwa. Chaka choyamba nambalayo idzakhala yaikulu kuposa imene tinazolowera kumva, ndipo oimba foni pa wailesi adzakuwa kuti zinthu zaipa. Nduna ya zamtengatenga imene idzakhalepo nthawi imeneyo idzafunika kulimba mtima, kuima pamaso pa atolankhani n'kufotokoza kuti malipotiwo achuluka chifukwa olondolera ayamba kulankhula, kenako n'kutchula chimodzichimodzi zimene zakonzedwa chifukwa cha malipotiwo.